Alamu Anga a Boaz ndi Tsache la Malemu

Ku Kapata, kuseri kwa msika, kuli mwamuna mmodzi yekha amene amasesa pabwalo dzuwa lisanatuluke. Mukamufuna simungasochere, ingotsatani fumbi. Amasesa moipa kwambiri moti nkhuku za anansi zinayamba chifuwa, ndipo tsiku lina fumbi lakelo linawoloka malire, anthu a ku Mchinji n'kuyatsa nyali za galimoto masana. Ameneyo ndi alamu anga a Boaz Sakala, telala, amene anakwatira mlongo wanga Rosina. Ine ndine Gerson, malume wa ana awo. Chilamu chimandilola kuwanena mmene ndingafunire, ndipo ndakhala ndikuwanena kuyambira tsiku limene anabwera kwathu kudzafunsira mbeta atavala jekete la eni ake. Koma nkhani iyi ndikamaifotokoza, kuseka kumandithera pakati.

A Boaz anabadwira kumudzi wina kufupi ndi Tamanda. Amayi awo ankanena kuti mwanayo anabadwa ali m'tulo. Anamwino anamuwomba m'matako mpaka manja kutupa, iye anangotsegula diso limodzi, n'kuona kuti kulibe chachilendo, n'kutembenukira kwina. Atakula anabwera m'tauni n'kuphunzira kusoka pakhonde la sitolo ina, pa mashini opalasa ndi phazi aja. Pa ntchito imeneyo sindingawanamizire, anali katswiri. Ankangokuyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti mimba yako idzafika pati chaka chamawa. Theka la ana a ku Kapata linapita kusukulu litavala mayunifomu otuluka m'manja mwawo. Buluku limene anandisokera pa ukwati wanga lilipo mpaka lero, ndipo ndikachedwa kudzuka limapita lokha kutchalitchi.

Vuto lawo linali tulo basi. Chaka china tinawatengera ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni. Angoni akuponda pansi, nthaka ikunjenjemera, mbalame zikugwa m'mitengo, alamu anga anali phee pansi pa mtengo, chipewa kumaso. Pa ukwati wawo wonse sanaonepo kutuluka kwa dzuwa. Akadzuka ankapeza tiyi ali patebulo, madzi osamba ali kubafa, pabwalo pali mizere yokongola ya tsache. Iwo ankaganiza kuti dziko limachokera kwa Mulungu m'mawa uliwonse lili losesasesa kale.

Ana atakula anabalalika. Anyamata anamezedwa ndi Lusaka, ndipo Leticia, mwana wawo wamkazi, anapita kukaphunzitsa ku Katete. M'nyumba munangoti zii. A Boaz anasiya khonde la sitolo n'kubweretsa mashini awo pakhonde la kwawo. Ndiye tsiku lina lamvula Rosina akuchokera kumsika anatola kagalu m'ngalande, konyowa, konyansa, kongotsala maso. Anakakulunga m'chitenje n'kukalowetsa m'nyumba.

"Galu ndi wa panja," anatero a Boaz.

"Akauma atuluka," anayankha Rosina.

Galuyo anauma, anakula, mpaka imvi zinayamba kumera pakamwa pake, koma sanatuluke. Ankagona pathumba m'mbali mwa bedi. Anansi ananena mpaka malovu kuuma kuti a Sakala akugona ndi galu ngati azungu. Rosina anamutcha Kapitao, chifukwa palibe chimene chinkachitika pakhomopo iye osachiyendera. Ndipo amene ankakana galu aja ndi amene anadzagwa naye m'chikondi. A Boaz akakhala pamashini, Kapitao ankalowa kunsi kwa tebulo n'kutsamiritsa chibwano chake paphazi lawo lopalasira. Phazi likamakwera ndi kutsika, mutu wa galu nawonso unkakwera ndi kutsika, ngati mkulu wa mpingo amene akuvomereza ulaliki wonse. Ankatha tsiku lonse ali choncho awiriwo.

Pa zaukhondo Kapitao ankaposa ena a ife. M'nyumba sanadonthezemo ngakhale kadontho. Ine ndinamuona ndi maso angawa akupukuta mapazi pakhomo, ndipo mpweya ukamuvuta ankatuluka panja, pobwera n'kupepesa aliyense payekhapayekha. Tonse tinkati ndi mmene anabadwira. Palibe amene anafunsa kuti ukhondowo unkachokera kuti.

Rosina anatisiya chaka chatha, anthu akukolola chimanga. Sanadwale nthawi yaitali. Pamenepa ndilibe chokokomeza.

Mukudziwa mmene maliro amakhalira kwathu. Mipando yonse inatulutsidwa panja, azimayi anadzaza m'nyumba pamphasa, ife azibambo kunja. Kapitao sanamvetse. Ankapyola pakati pa azimayi akulira, kufuna kukagona pafupi ndi bokosi. Azakhali a kumudzi, amene kwawo galu amathera pa nkhokwe, anaona ngati chipongwe. Anamukoka n'kumutsekera m'kachipinda kosungiramo matumba a mtedza. M'chipwirikiti cha maliro palibe amene anamukumbukira mpaka titabwerako kumanda. Atamutsegulira anatuluka chokwawa, mchira uli pakati pa miyendo, osayang'ana munthu kumaso. M'kachipindamo anali atadziipitsira. Akanatani?

Tsiku logawa zovala za malemu kunachitika kanthu kamene kanatiseketsa pakati pa misozi. Chitenje chilichonse chimene Rosina ankagwirira ntchito chinali ndi mfundo pangodya. Azakhali aja maso anawala, poti mukudziwa chimene azimayi amamanga pamenepo. Anamasula ndi mano mfundo yoyamba, n'kupeza timitu ta kapenta. Yachiwiri, kapenta. Yachitatu, kapenta. "Kani Rosina ankadya mobisa!" anatero mmodzi, azimayi onse n'kugwa nako kuseka. Nanenso ndinaseka. Kenaka aliyense ananyamula zake n'kubwerera kwawo, m'nyumbamo n'kutsala a Boaz ndi galu.

Mavuto anayamba sabata yomweyo. A Boaz ankadzuka monga mwa nthawi zonse, dzuwa litafika kale pamutu pa mtengo wa mango, n'kupita kukatsegula chitseko opanda nsapato. Phazi pwata! Pakhomo penipeni, m'kati, Kapitao anali atasiyapo katundu. Masiku oyamba ankangopukuta mwakachetechete, amvekere nayenso ali pamaliro. Kenaka anayamba kukalipa. Mnzawo wina wa pabawo anawauza kuti galu wotere umamugwira pakhosi n'kumukhutiza mphuno pa zonyansa zakezo, ndipo anachitadi. Sizinathandize. M'mawa wina, mtima utawawa ndi zambiri zimene sizinali za galu, anatambasula dzanja kuseri kwa chitseko n'kugwira chimene chinali pafupi. Linali tsache la Rosina, lija lalifupi losesera panja, lili pomwe mwini wake analisiya. Anamukwapula nalo galuyo. Mawa lake anateronso, ndi mkuja womwe.

Pakhomo paja panasiyadi kupezeka kanthu, alamu anga n'kumati mankhwala agwira. Koma galu sanasiye, anangophunzira kubisa. Anayamba kuchitira kunsi kwa bedi, kuseri kwa kabati, m'thumba la zidutswa za nsalu, ndipo tsiku lina pa nsalu yoyera ya mayi wina wa kumpingo imene inkadikira kusokedwa bulauzi. Akamutulutsa panja masana, ankangoima n'kumawayang'ana, osachita kanthu, podziwa kuti munthu uyu akaona zoterezi amamenya. Akalowa m'nyumba ndiye n'kukafuna pobisika. A Boaz ankapukuta n'kupakapo polishi wofiira pamwamba, fungo n'kukhala pansi pa polishiyo likuseka. Ntchentche zinkachokera ku Lundazi pa minibasi kudzaona malowo. Pabwalo napo, poti panalibe wosesa, masamba a mango anaunjikana mpaka mbuzi ya anansi inasowamo, inadzapezeka ili ndi ana awiri.

Ndipo kunsi kwa mashini kunalibenso galu.

Leticia atabwera pa tchuthi anangofika pakhomo n'kugwira mphuno. Mwana wa mlongo wangayu ndi wabwino mtima, koma ndi mphunzitsi, amakhulupirira kuti chilichonse chili ndi tsiku lake la mayeso. Anayamba watengera galuyo kwa adokotala a ziweto, poganiza kuti mwina ndi matenda a chikhodzodzo kapena ukalamba. Adokotala anamupima n'kunena kuti alibe vuto m'thupi. Ndiye anawakhazika pansi atate ake.

"Atate, nyumba ino amayi ankaisamala ngati tchalitchi. Taonani lero."

"Ndikuyesetsa, mwana wanga."

"Azakhali akuti galu kuipitsa m'nyumba ya maliro ndi malodza. Ine za malodza sindizidziwa, koma fungo ndikulimva. Tikadzavundukula chiliza cha amayi, alendo adzagona muno. Adzagona pati? Galuyu akadzakhala asanasinthe pofika nthawi imeneyo, a Abednego adzamutenga apite naye kumudzi. Akuti anyani awavuta kumunda."

Abednego ndi mwana wa akulu awo a Boaz, mlimi wa kwawo ku Tamanda kuja. Si munthu wankhanza, koma galu kwa iye ndi wogona pachingwe kumunda. Kapitao, nkhalamba yogona pathumba, yosadziwa ngakhale mame! Anyani akumeneko ndimawadziwa, ndi aakulu ngati ng'ombe zapangolo, ena amafika pamunda n'kufunsa kuti mwini wake ali kuti. Kapitao sakanatha ngakhale dzinja limodzi. A Boaz ankadziwa zimenezo, Leticia nayenso mwina ankadziwa, koma anali atatopa ndi kulira ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha m'nyumbamo chikhale m'malo mwake.

Atabwerera ku Katete, alamu anga anandiimbira foni. Sanandinyoze za dazi langa monga amachitira, anangoti, "Alamu, tabwerani." Ndinasiya thonje langa m'munda n'kukwera njinga.

Ndinagona pamipando pabalaza. Ine ndine mlimi, tambala amachita kufunsa kwa ine ngati nthawi yakwana. Kunja kutangoyamba kuyera ndinamva tsache kwa anansi, kwa mayi Veronika ogulitsa tomato: shwa, shwa, shwa. Nthawi yomweyo ndinamva zikhadabo pasimenti. Kapitao anatuluka kuchipinda n'kukaima pachitseko. Anayang'ana mpiringidzo. Anayang'ana kuchipinda kumene mkonono wa alamu anga unkagwedeza malata. Anayang'ananso chitseko, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, akulira pang'onopang'ono ngati mwana woopa kudzutsa akulu.

Ndinamutsegulira. Anatuluka n'kuima pakati pa masamba aja, n'kucheuka kuyang'ana pakhomo, ngati pali wina amene atulukenso. Anadikira. Kenaka anabwerera m'nyumba mutu uli pansi, osachita kanthu.

"Akudikira tsache ameneyo," anatero mayi Veronika ali kuseri kwa mpanda.

"Mwati bwanji, amayi?"

"Dzutsani atate a Leticia, ndinene kamodzi. Ndakhala ndikufuna kuwauza, koma ine ndimapita kumsika iwo asanadzuke, ndipo madzulo nkhope yawo siifikirika masiku ano."

Kudzutsa a Boaz si ntchito ya munthu mmodzi. Ndinawagwedeza, ndinawaitana ndi mfunda wawo, ndinaimba nyimbo ya chitsitsimutso, ndinawauza kuti nyumba ikupsa. Anadzuka nditawanong'oneza kuti wina akunyamula mashini. Anatuluka atafunda bulangete, akuphethira ngati munthu amene wafika kudziko lachilendo. Ndikhulupirira kuti kanali koyamba kuona kuti m'mawa kumwamba kumakhala kofiira.

Mayi Veronika anatsamira mpanda n'kufotokoza. Rosina ankati akamva tsache lawo, kapena iwo akamva lake, onse ankatuluka. Rosina ankatsegula chitseko, galu pambuyo. Ankayambira pakhomo kusesa chobwerera m'mbuyo mpaka ku nthochi za kudzala, galu akumutsatira. Akafika kunthochiko Kapitao ankalowa n'kuchita zake zonse, Rosina atamufulatira, akuwola zinyalala. Akatuluka, Rosina ankamasula mfundo ya chitenje n'kumupatsa kamutu ka kapenta, amvekere, "Mwagwira ntchito, a Kapitao." Madzulo dzuwa likamalowa ankateronso.

Nditamva za kapenta ndinakumbukira azakhali aja akumasula mfundo ndi mano, ndi mmene tinasekera.

"Tsiku lililonse?" anafunsa a Boaz.

"Lililonse. Ngakhale kukugwa mvula, ankafunda pulasitiki. Ngakhale sabata imene anayamba kudwala ija. Ankasesa pang'ono, n'kukhala pamwala apo, n'kusesanso. Ndinamuuza kuti asiye ndimusesere, anati galu sazolowera tsache la eni."

Alamu anga anakhala pansi pakhomo pomwepo, pamalo pamene ankaponda zonyansa paja.

"Ankakhala pamwala?"

"Apo."

"Nanga ine ndinali kuti?"

Chilamu chimafuna kuti funso lotere uliyankhe ndi chipongwe, ndipo ndinali nacho chokonzeka pa lilime. Ndinangoti, "Munali m'tulo, alamu."

A Boaz anayang'ana pakhomo pamene anakhalapo. Kenaka anati, "Ndiye kuti galuyu ankachitira pakhomo chifukwa ndi pomwe ankatha kufika." Anadzuka, analowa, n'kutenga tsache kuseri kwa chitseko kuti ayese pompo. Kapitao atangoona tsache lili m'manja mwawo analira kulira kumene sindinakumvepo kwa galu, n'kuthawira kunsi kwa bedi, mkodzo ukutsalira m'njira monse.

A Boaz anaima tsache lili m'manja. "Alamu," anatero, "chimene ankadikira m'mawa uliwonse ndi chimene ndamumenya nacho."

Ndinawauza kuti tigule tsache lina. Tinagula, koma kwa Kapitao tsache lililonse m'manja mwa a Boaz linali limodzimodzi. Ndiye anabwerera ku lakale lija, amvekere ngati n'kukonza, akonze pomwe anawononga.

Ndinakhala nawo masiku angapo tikugwira ntchito imene sindinaiganizepo pa ukalamba wanga. Tinapala polishi yense ndi mipeni, tinatsuka simenti ndi sopo, kenaka ndi viniga, poti galu akamva fungo lake pamalo amaona ngati ndi pololedwa. Thumba la zidutswa tinalitentha. Kuchipinda ndi kukachipinda ka mtedza tinkatseka, thumba lake logonera tinalisamutsira pabalaza pafupi ndi khomo. Chakudya anasiya kumusiyira m'mbale tsiku lonse, ankamupatsa m'mawa ndi madzulo dzuwa lisanalowe, kuti mimba nayo idziwe nthawi. Masana ankagoneka tsache pansi pakhonde n'kumwaza kapenta m'mbali mwake, iwo n'kupita kutali. Poyamba kapentayo ankadyedwa ndi nyerere, zinanenepa mpaka zina zinkalephera kulowa kudzenje.

Chovuta chinali kudzuka. Mayi Veronika anadzipereka kumagogoda pawindo ndi mpini wa khasu. Alamu anga ankatuluka, kusiya chitseko chotsegula, n'kuyamba kusesa atafulatira nyumba, osaitana galu, osamuyang'ana. Poti alibe chitenje, anadula kansalu n'kumangamo kapenta, n'kukapachika palamba.

"Weramani, atate a Leticia!" ankakuwa mayi Veronika. "Tsache limenelo silifuna munthu woima ngati msilikali! Mukusesa kapena mukulima?"

Anyamata onyamula anthu panjinga, amene amadutsa pamenepo m'mamawa, anapeza chowasangalatsa. "A Sakala, chitenje mwaiwala!" "Madala, mukamaliza mubwere kwathu, tikufuna mkazi wolimbikira!" Anzawo a pabawo anamva, ena anachita kulawirira kudzaonerera. Munthu amene kale ukamuseka pang'ono ankakusokera thumba la buluku chozondoka, pano ankangowerama n'kumasesa.

Ine ndinabwerera ku thonje langa galu asanatuluke n'komwe, zotsatira ndinkazimva pafoni. Tsiku lina alamu anga anati galu waonetsa mphuno pakhomo. Patapita nthawi anati wafika pakhonde. Kenaka anati watsika, koma atatembenuka kuti amuone anathawa, ndipo anadzitukwana okha tsiku lonse. M'nyumba ankapezabe zonyansa masiku ena. Ankapukuta osanena kanthu, akuti ankaluma lilime mpaka linafupika. Ndiye m'mawa wina foni inalira ndili m'munda.

"Alamu! Wachita! Kunthochi!"

Sindinamvepo mkulu wa zaka zawo akusangalala chonchi ndi chimbudzi cha galu. Anandifotokozera kukula kwake, mtundu wake, ndi mbali imene chinaloza. Ndinawauza kuti achikulunge tikachionetse ku chionetsero cha zaulimi.

"Nanga kapenta walandira?" ndinafunsa.

"Pansi. M'manja akukana."

Nthawi ya chiliza inakwana kunja kutatentha, mango ali aang'ono. Leticia anafika alendo asanayambe kubwera, nanenso ndinafika tsiku lomwelo, ndipo madzulo ake anatulukira Abednego pa njinga, chingwe chatsopano atachikulunga pakeriyala. Leticia anazungulira nyumba yonse akununkhiza ngati wapolisi wofufuza chamba. Anasuzumira kunsi kwa bedi, anasuntha kabati. Sanapeze kanthu. Ine mtima unakhala pansi. Koma alamu anga ali ndi matenda ena kuwonjezera pa tulo, satha kunama.

"Dzana anaphonya," anatero. "Kunagunda bingu, anachita mantha. Koma masiku ena onse akupita panja."

Ndinawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

"Atate, tinapangana," anatero Leticia. "Muno mugona azimayi ndi ana pansi. Mwayesetsa, ndaona. Koma a Abednego abwera kale ndi chingwe. Anyamuke naye mawa m'mawa kusanatenthe."

A Boaz sanatsutse. Anangoyang'ana galu amene anali gone pathumba lake, n'kunena kuti, "Chabwino, mwana wanga."

M'mawa mwake sindinamve kugogoda kwa mayi Veronika. Alamu anga anadzuka okha. Ndinawamva akuchotsa mpiringidzo, kenaka shwa, shwa, shwa. Zikhadabo pasimenti. Ndinadzuka n'kukaima pawindo.

Chitseko cha chipinda chimene munagona Leticia chinatseguka mwamphamvu. Anatuluka chothamanga, chitenje atangochigwira pachifuwa, maso ali ndi tulo, n'kukaima pakhomo. Anandiuza pambuyo pake kuti m'tulomo anamva tsache n'kuiwala zonse, anaganiza kuti wachedwa kusukulu ndipo amayi ake amukalipira.

Panja panali atate ake, mkulu wa imvi, atawerama, dzanja lina lili kumsana monga amachitira azimayi, akusesa chobwerera m'mbuyo kulowera kunthochi. Mizere yawo inali yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Kapitao ankawatsatira chapatali, akaima iwo nayenso n'kuima. Atafika kudzala, a Boaz anafulatira n'kuyamba kuwola zinyalala. Galu analowa m'nthochi. Atatuluka anabwera n'kuima poti dzanja silingamufike. A Boaz anagoneka tsache pansi, anamasula kansalu kaja, ananjuta, n'kutambasula dzanja kapenta ali pachikhatho.

"Mwagwira ntchito, a Kapitao," anatero.

Galu anayang'ana kapenta, anayang'ana dzanja. Sanasunthe. Anakhala choncho awiriwo mpaka dzanja linatopa. Kenaka a Boaz anaika kapentayo pansi n'kubwerera m'mbuyo, galu n'kubwera kudzatola.

"Mawu amenewo ndi a amayi," anatero Leticia, osatembenuka. "Ndinkawamva ndikabwera pa tchuthi. Ndinkaganiza kuti akungocheza ndi galu." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Amalume, bwanji sakulandira m'manja?"

"Ukawafunse atate ako," ndinatero. "Akuuza okha, sadziwa kunama."

Abednego anatulukira kuseri kwa nyumba akumasula chingwe chake, amvekere, "Tiyeni timumange kusanatenthe." Leticia anamuyang'ana ndi maso a mphunzitsi.

"Achimwene, chingwecho mukamangire mbuzi. Alendo akaona chovuta akagone kwa mayi Veronika."

Abednego anadandaula njira yonse ya kumanda kuti wapalasa njinga kuchokera ku Tamanda chifukwa cha galu amene ali ndi loya.

Chiliza tinavundukula, alendo anagona, m'nyumba simunapezeke kanthu. Mpaka lero simupezeka kanthu. Kapitao alipo, wakalamba, ndi waukhondo ngati kale. A Boaz amadzuka okha, ndipo akuti akafika pamwala paja amapumira pang'ono ngakhale asanatope. Anyamata a njinga anatopa nako kuseka, ena amangoti, "Mwadzuka bwanji, madala," n'kudutsa.

Koma kunsi kwa mashini galu sanabwerereko. Amagona kumapeto kwa khonde, poti akutha kuwaona alamu anga koma dzanja silingamufike. Akamuitana amagwedeza mchira kamodzi, osadzuka. Kapenta amalandirabe pansi.

Mwezi wathawu ndinawapititsira buluku langa la ukwati lija kuti alikulitse m'chiuno, poti lakhala likuchepa lokha m'sutikesi. Nditalilandira ndinaona kuti msoko wake wakhota, chinthu chimene sichinachitikepo m'manja mwa a Boaz Sakala.

"Alamu, maso ayamba kufa kodi? Kapena mumasoka muli m'tulo?"

Anayang'ana kunsi kwa tebulo, kenaka kumapeto kwa khonde.

"Si maso," anatero. "Phazili linazolowera kupalasa litasenza mutu. Pano lapepuka, mashini akumathamanga."

Anatenga bulukulo n'kuyamba kusosola ulusi kuti asokenso. Ndinakhala nawo pakhondepo mpaka dzuwa litapendeka, nthawi ya tsache lamadzulo, ndipo sindinawanenenso kanthu.